Mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni: zimene amacita m'thupi

Pa 16 Okutobala caka ciriconse, anchito a zaumoyo m'maiko ambiri amakumbukira tsiku limene opaleshoni inaleka kukhala cizunzo. Pa tsikuli mu 1846, pa cipatala ca Massachusetts General mu mzinda wa Boston ku America, dokotala wa mano William Morton anapumitsa wodwala Gilbert Abbott nthunzi ya mankhwala ochedwa ether. Abbott atagona, dokotala John Collins Warren anamucotsa cotupa ca pakhosi. Pouka, wodwalayo anati anangomva ngati akumukanda. Izi zisanacitike, odwala anali kugwiridwa ndi amuna amphamvu kapena kumangidwa ndi zingwe, ndipo dokotala wotamandidwa anali amene anali kudula mwendo mofulumira kopambana anzake.

Papita zaka zoposa 175, koma mantha akalipo. Anthu ambiri amene auzidwa kuti apita ku thiyeta saopa mpeni kwenikweni. Amaopa kuti sadzauka. Ena amazengereza kufikira matenda atakula, ndipo ena amabisa zinthu zimene zikanathandiza wowagonetsa kuwateteza.

Si tulo ai

Ku cipatala wodwala amauzidwa kuti agona tulo, ndipo mau amenewa ndi abwino pokhazika mtima pansi. Koma zimene mankhwalawa amabweretsa si tulo. Munthu wogona tulo amauka akagwedezedwa kapena akatsinidwa. Wopatsidwa mankhwala ogonetsa sauka ngakhale m'mimba mwake mutatsegulidwa. Makina oyeza mphamvu ya magetsi ya mu ubongo amaonetsa kuti mkhalidwe umenewu uli pafupi ndi cikomokere. Kusiyana kwake ndi cikomokere ca pa ngozi n'kwakuti ici cimabweretsedwa mwadala, cimayang'aniridwa mphindi iriyonse, ndipo cimatha mankhwala akaleka kuperekedwa. N'cifukwa cake odwala ambiri akauka amafunsa ngati opaleshoni ikalibe kuyamba. Maola awiri kapena atatu amangosowa osasiya kanthu m'cikumbukiro.

Pa opaleshoni pamafunika kuti wodwala asadziwe zimene zikucitika, asazikumbukire, asamve ululu ndipo asagwedezeke. M'masiku a ether, mankhwala amodzi ndiwo anali kucita zonsezi, motero anali kuperekedwa oculuka, ndipo wodwala anali kucedwa kuuka ndi kusanza kwambiri. Masiku ano amaphatikiza mitundu itatu, inai kapena kuposa apo, uliwonse ndi nchito yake, kuti pasakhale mtundu umodzi woperekedwa mopitirira muyezo.

Ubongo uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, amene amatumizirana mauthenga kudzera m'makemikolo. Makemikolo ena amafulumiza uthenga, ena amaugwira monga mabuleki a galimoto. Mabuleki aakulu a ubongo ndi kemikolo yochedwa GABA. Mankhwala monga propofol ndi thiopental, ndiponso mbali ina mipweya monga isoflurane, amamatirira pamalo pamene GABA imalandiridwa n'kuonjezera mphamvu yake, kotero kuti maselo amafooka potumiza mauthenga. Ketamine ndi nitrous oxide amadzera njira ina: amatseka malo ochedwa NMDA, pamene pamalandiridwa kemikolo yofulumiza mauthenga. Njira zonse ziwiri zimafikitsa pa cinthu cimodzi. Zigawo za ubongo zimaleka kukambirana. Khutu lingalandire phokoso la m'cipindamo, koma uthengawo sufika pamene munthu angauzindikire. Kusagwedezeka kwa thupi nako kumacokera makamaka ku mtsempha waukulu wa mu msana, osati ku ubongo.

Zimenezi zadziwika mocedwa. Mu 1899 Hans Meyer, ndipo mu 1901 Charles Ernest Overton, anaona kuti mankhwala osungunuka msanga m'mafuta ndiwo amagonetsa mwamphamvu, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri anakhulupirira kuti mankhwalawa amangolowerera m'mafuta okuta maselo. Mu 1984 Nicholas Franks ndi William Lieb a ku London anaonetsa kuti mankhwala ogonetsa amatha kuzimitsa puloteni imene imawalitsa ziphaniphani, popanda mafuta alionse. Kucokera pamenepo kafukufuku anatembenukira ku mapuloteni a pa maselo. Ndiye kuti madokotala anagonetsa anthu mamiliyoni kwa zaka zoposa 100 asanadziwe bwino kumene mankhwala ao anali kugwira.

Odzera mu mtsempha

Kwa munthu wamkulu, kugonetsa kumayamba ndi jekeseni ya mu mtsempha wa pa dzanja. Mankhwala ochuka kwambiri pa nchitoyi ndi propofol, amene anapezedwa ndi gulu la John Glen, dokotala wa ziweto wa ku Scotland, ndipo anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1986. Ndi oyera ngati mkaka cifukwa amasakanizidwa ndi mafuta a soya ndi mbali ina ya dzira. Muyezo wake ndi pafupifupi mamiligalamu 2 pa kilogalamu iriyonse ya thupi. Amawawa polowa mu mtsempha, koma pakatha masekondi 30 kapena 40 munthu amakhala atagona.

Ngati sapatsidwa ena, munthuyo amauka pakatha mphindi 5 kufika 10. Cimene cimamudzutsa si kutha kwa mankhwala m'thupi, koma kusamuka kwake. Ubongo umalandira magazi ambiri, motero ndiwo umayamba kukhuta mankhwala. Pambuyo pake magazi amawatenga kupita nao ku minofu ndi ku mafuta a m'thupi, ndipo ciwindi cimawaphwanya pang'onopang'ono. Conco munthu angakhale maso, akulankhula bwino, koma mankhwala akali m'thupi. Apa ndipo pagona lamulo lakuti wocitidwa opaleshoni asayendetse galimoto, asamwe mowa kapena kusaina mapepala ofunika kwa maola 24. Thiopental, amene anayamba kugwiritsidwa nchito mu 1934, amasamuka mofananamo, koma ciwindi cimacedwa kuwaphwanya, ndipo akaperekedwa mobwerezabwereza amaunjikana m'thupi.

Propofol amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndipo kawirikawiri amaimitsa kupuma kwa kanthawi. M'thiyeta zimenezi zimayembekezeka, ndipo wogonetsa amakhala ndi okosijeni m'manja. Kunja kwa thiyeta ndi imfa. Woimba wa ku America Michael Jackson anamwalira mu Juni 2009 atapatsidwa propofol kunyumba kwake kuti apeze tulo, ndipo mu 2011 khoti linapeza dokotala wake, Conrad Murray, ndi mlandu wopha munthu mosafuna.

Ketamine ndi wosiyana ndi onsewa, ndipo kuzipatala za kumidzi mu Africa palibe mankhwala ena ogonetsa odaliridwa monga iye. Anapangidwa mu 1962 ndi Calvin Stevens ku America ndi kuvomerezedwa kumeneko mu 1970. M'malo motsitsa kuthamanga kwa magazi, amakukweza. Nthawi zambiri wodwala amapitiriza kupuma yekha. Amapha ululu mwamphamvu, ndipo ngati mtsempha sukuoneka, monga zimacitikira ndi mwana wamng'ono kapena munthu wotaya magazi ambiri, amatheka kubayidwa pa mnofu. Kwa mai amene akutaya magazi pambuyo pobereka, kapena munthu wovulala pa ngozi ya pamseu, kumalo kumene kulibe makina opumitsa ndipo magetsi ndi osadalirika, ketamine ndiye amatheketsa opaleshoni.

Ali ndi zovuta zake. Wodwala amakhala maso ali cipenyere, malovu amaculuka, ndipo pouka ena amaona zinthu zoopsa zimene palibe, kukuwa kapena kulankhula zosamveka. Acibale amene aona zimenezi nthawi zina amaganiza kuti munthu wao wapenga kapena walodzedwa. Ndi mankhwala cabe, ndipo zimatha. Diazepam kapena midazolam amacepetsa malotowo, ndipo atropine amaumitsa malovu. Popeza kumaiko ena anthu amagwiritsa nchito ketamine monga mankhwala osokoneza bongo, dziko la China linapempha bungwe la United Nations mu 2015 kuti liike malamulo okhwima pa kagulitsidwe kake pa dziko lonse. Bungwe la zaumoyo la WHO ndi mabungwe a madokotala anatsutsa, ponena kuti zipatala za maiko osauka zidzasowa cogonetsera odwala, ndipo nkhaniyo inaimitsidwa.

Opuma

Munthu akagona, amafunika kukhalabe m'mkhalidwewo kufikira opaleshoni itatha. Kawirikawiri nchitoyi imagwiridwa ndi mankhwala amadzi amene makina amawasandutsa nthunzi ndi kuwasakaniza ndi okosijeni. Amalowa m'mapapo, kupita m'magazi, kenako ku ubongo, ndipo akatsekedwa amatuluka kudzera m'njira imodzimodziyo.

Chloroform, amene James Young Simpson anayamba kugwiritsa nchito ku Edinburgh mu 1847, ndipo amene John Snow anapatsa Mfumukazi Victoria pobereka mu 1853, anasiyidwa cifukwa anali kuimitsa mtima mwadzidzidzi ndi kuononga ciwindi. Ether anali kugwira moto. Halothane, amene anayamba kuperekedwa kwa odwala ku Manchester mu 1956, anathetsa vuto la moto, ndipo kamba kochipa anatumikira zipatala za mu Africa kwa zaka zambiri. Koma pafupifupi 20 peresenti ya halothane wolowa m'thupi amaphwanyidwa ndi ciwindi, ndipo mwa anthu ocepa, makamaka opatsidwa kawiri m'nthawi yocepa, ciwindi cimatupa moopsa. Amasokonezanso kagundidwe ka mtima. Isoflurane amaphwanyidwa ndi ciwindi pang'ono zedi, pafupifupi 0.2 peresenti, koma fungo lake limatsokomoletsa. Sevoflurane sanunkha moipa, motero ndiye amagonetsera ana amene amaopa nyeleti. WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2023.

Mphamvu ya mankhwala opuma imayezedwa ndi muyezo wochedwa MAC. Uwu ndi kuculuka kwa mankhwala m'mapapo kumene kumaletsa theka la odwala kugwedezeka khungu likacekedwa. Kwa halothane ndi 0.75 peresenti, kwa isoflurane pafupifupi 1.2, kwa sevoflurane pafupifupi 2. Kwa nitrous oxide ndi kupitirira 100 peresenti, kutanthauza kuti payekha sangagonetse munthu mokwanira popanda kumumana okosijeni, ndipo amangothandizira ena. Muyezowu umatsika ndi pafupifupi 6 peresenti pa zaka 10 zirizonse zimene munthu wamkulu akukalamba. Umatsikanso kwa mai woyembekezera ndi kwa munthu amene thupi lake lazizira. Gogo wa zaka 80 akapatsidwa muyezo wa mnyamata wa zaka 20, wapatsidwa wopitirira.

Ofooketsa minofu ndi opha ululu

Gulu lina siligonetsa konse. Curare anali ulembe umene alenje a ku South America anali kupaka ku mivi yao. Mu 1942 Harold Griffith ndi Enid Johnson anaugwiritsa nchito pa opaleshoni ku Montreal, ndipo kucokera pamenepo papangidwa mankhwala monga atracurium, vecuronium ndi rocuronium. Amatseka malo amene mtsempha umakumana ndi mnofu, kotero kuti minofu yonse imafooka, kuphatikizapo yopumira. Izi zimathandiza kulowetsa kapaipi kopumira m'kholingo ndi kufewetsa mimba kuti dokotala agwire nchito. Kucokera nthawi imeneyo, wodwala amapumira makina kapena thumba limene wogonetsa amafinya ndi dzanja. Pamapeto amapatsidwa neostigmine kapena sugammadex kuti mphamvu ibwerere.

Suxamethonium ndiye wofulumira pa onse. Amagwira mkati mwa mphindi imodzi ndipo amatha pakapita pafupifupi mphindi 5. Ena amamva kuphwanya m'thupi m'mawa mwake monga munthu amene walima tsiku lonse. Kwa munthu amene anapsa ndi moto masiku angapo apitawo, mankhwalawa angakweze mcere wa potaziyamu m'magazi kufikira mtima utaima.

Munthu wogona akacekedwa, thupi lake limayankhabe: mtima umathamanga, magazi amakwera. Pofuna kuletsa zimenezi amapereka morphine, pethidine kapena fentanyl, amene mphamvu yake ndi pafupifupi kuwirikiza ka 100 kuposa morphine. Onsewa amacedwetsa kupuma ndipo amadzetsa mseru.

Zimene thupi limataya likagona

Mankhwala amene amatontholetsa ubongo amatontholetsanso zinthu zimene zimasunga moyo. Lilime limagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Kupuma kumacepa kapena kuleka. Mitsempha ya magazi imatanuka, mtima umapopa mofooka. Thupi limaleka kusunga kutentha kwake ndipo limazizira ndi pafupifupi digiri imodzi m'ora loyamba, n'cifukwa cake ambiri amauka akunjenjemera.

Coopsa kwambiri, ndiponso copeweka mosavuta, cili m'mimba. Munthu ali maso, cakudya cikalowa njira yolakwika amatsokomola. Wogonetsedwa satsokomola. Zam'mimba zikabwerera kum'mero zimatsikira m'mapapo, ndipo asidi wa m'mimba amatentha mapapowo. Mu 1946 dokotala Curtis Mendelson wa ku New York analemba za amai 66 amene izi zinawacitikira mwa amai 44,016 amene anabereka pa cipatala cina kumeneko. Lamulo lofala masiku ano n'lakuti cakudya cilekedwe maola 6 opaleshoni isanayambe, mkaka wa m'mawere maola 4, ndipo madzi oyera maola 2, ngakhale kuti wodwala ayenera kutsatira zimene cipatala cake camuuza. Phala, mkaka, thobwa, maheu ndi munkoyo zimawerengedwa monga cakudya, osati madzi. Wacibale amene abisira wodwala kambale ka phala m'mamawa, pomumvera cifundo kuti alowa ku thiyeta ndi njala, amamuika pa ngozi yaikulu kuposa njalayo. Wodwala amene wadya ndipo waulula amangosinthiridwa nthawi, kapena ngati opaleshoni ndi yadzidzidzi, amagonetsedwa m'njira ina yoteteza mapapo. Ngozi imeneyi ndi cimodzi mwa zifukwa zimene amai ambiri obereka mwa opaleshoni amabayidwa jekeseni ya pa msana, imene imacititsa dzanzi kucokera m'mimba kutsika pansi iwo ali maso.

Mafunso amene wogonetsa amafunsa opaleshoni isanacitike si a mwambo cabe. Munthu womwa mowa masiku onse amafuna mankhwala oculukirapo, pamene woledzera pa nthawiyo amafuna ocepa. Fodya amaculukitsa makhololo ndi kucititsa njira ya mpweya kuphipha. Rifampicin wa TB amafulumizitsa ciwindi kuphwanya mankhwala ena, pamene ma ARV okhala ndi ritonavir amacedwetsa kutha kwa midazolam ndi fentanyl. Wodwala matenda a sickle cell amafuna okosijeni wokwanira, madzi ndi kufunditsidwa, apo ayi matenda amabuka. Mankhwala azitsamba nao ayenera kuchulidwa, pakuti ena amacedwetsa kuundana kwa magazi.

Pali funso limodzi limene ambiri amalipeputsa: kodi pali wacibale amene anamwalira kapena kudwala kwambiri atagonetsedwa? Mu 1960 dokotala Michael Denborough wa ku Melbourne analemba za mnyamata wothyoka mwendo amene acibale ake 10 anafa pa nthawi yogonetsedwa kapena pambuyo pake. Matendawa, ochedwa malignant hyperthermia, ndi a kumtundu. Mankhwala opuma monga halothane ndi isoflurane, kapenanso suxamethonium, amacititsa minofu kuuma, mtima kuthamanga ndi thupi kutentha mopitirira. Mankhwala ake ndi dantrolene, amene sapezeka m'cipatala ciriconse. Wogonetsa akadziwiratu, amasankha mankhwala ena monga propofol kapena ketamine, amene sautsa matendawa.

Pouka

Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amamva mseru kapena kusanza, makamaka akazi, anthu osakoka fodya ndi amene amasanza akakwera basi. Pakhosi pamawawa kwa tsiku limodzi kapena awiri kamba ka kapaipi kaja. Okalamba ena amasokonezeka maganizo kwa masiku angapo, osazindikira kumene ali.

Kodi munthu angauke opaleshoni ili mkati? Zimacitika, koma kamodzikamodzi. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain ndi Ireland amene anafalitsidwa mu 2014 anapeza kuti munthu mmodzi mwa pafupifupi 19,000 ogonetsedwa ananena kuti anazindikira kanthu. Mwa amene anapatsidwa ofooketsa minofu anali mmodzi mwa pafupifupi 8,000, ndipo mwa amai ogonetsedwa pobereka, amene dala amapatsidwa mankhwala ocepa poteteza mwana, anali mmodzi mwa 670.

Makolo amafunsanso ngati mankhwalawa saononga nzeru za mwana. Mu 2016 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linacenjeza za kugonetsa ana osafika zaka 3 mobwerezabwereza kapena kopitirira maola atatu. Koma kafukufuku wa makanda 722 m'maiko angapo, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti kugonetsedwa kamodzi kwa nthawi yosafika ora sikunasinthe nzeru za anawo pofika zaka 5.

Za kusauka kuja, ciwerengero casintha kwambiri. Mu 1954 Henry Beecher ndi Donald Todd anapeza kuti m'zipatala 10 za ku America, mankhwala ogonetsa anathandizira imfa imodzi pa ogonetsedwa 1,560 alionse. Masiku ano m'maiko olemera ndi pafupifupi imfa imodzi pa 100,000. Mankhwala atsopano athandizako, koma kusintha kwakukulu kwabwera ndi anthu ophunzitsidwa bwino ndi zipangizo zoyang'anira wodwala. Cimodzi ndi kacipangizo kopana cala koyeza okosijeni m'magazi, kamene kamalira muyezo ukayamba kutsika, milomo ya wodwala isanasinthe mtundu. WHO inakaika pa mndandanda wa zoyenera kuona opaleshoni isanayambe, umene inatulutsa mu 2008.

Muno m'Zambia, mbali yaikulu ya nchito yogonetsa odwala, makamaka m'zipatala za m'maboma, yakhala m'manja mwa ma clinical officer amene anacita maphunziro apadera a nchitoyi. Mu 2011 University of Zambia inayamba kuphunzitsa madokotala akatswiri a zogonetsa pa cipatala ca University Teaching Hospital mu Lusaka.

Ngozi simathera pa khomo la thiyeta. Kafukufuku wochedwa African Surgical Outcomes Study, amene anafalitsidwa mu 2018, anatsatira odwala 11,422 m'zipatala 247 za m'maiko 25 a mu Africa. Odwala 239 anamwalira, ndipo mwa iwo 225 anamwalira tsiku la opaleshoni litapita kale. Zifukwa zake zinali zosiyanasiyana, monga kutaya magazi ndi matenda olowa pa bala, koma m'maola oyamba mankhwala otsalira m'thupi nao amatha kucepetsa kupuma. Wodikirira wodwala ayenera kuitana namwino mwamsanga ngati wodwalayo akucita nkonono waukulu wodukiza, akupuma mocedwa kwambiri, milomo kapena lilime zasintha mtundu, kapena sakuuka akaitanidwa dzina ndi kugwedezedwa.